Ndiphunzire za saluni ndi ndalama za amuna anga?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 31, wa ana awiri, ndimakhala ku Mchini kuno ku Chipata. Sukulu ndinalekezera giredi 9 nditatenga mimba ya mwana woyamba, ndipo kuyambira pamenepo chimene manja anga adziwa ndi kuluka tsitsi. Ndimalukira pakhonde, kasitomala ali pampasa, ine pampando. Mukule wa mwana wasukulu ndimatenga K30, wa munthu wamkulu K50, ndipo akabwera ndi mesh timakambirana. Sabata ya Nc'wala mu February komanso masiku a Khirisimasi ndimaluka mpaka zala kuchita dzanzi, koma miyezi ina ndimatha masiku anayi osagwira mutu wa munthu.

Chimene chinandipatsa maganizo a sukulu ndi ngozi. Chaka chatha mtsikana wina woti akhale pa mzere wa ukwati anabwera ndi relaxer kuti ndimuwongole tsitsi. Anali atangomasula zoluka m'mawa womwewo, atakandakanda m'mutu. Ine sindinafunse. Ndinapaka, iye n'kunena kuti zikuwotcha, ine n'kumuuza kuti apirire, kukongola n'kowawa. Titatsuka, khungu linali litapsa pamwamba pa khutu, ndipo pamalopo tsitsi silinamerenso bwino mpaka lero. Pambuyo pake mpamene mnzanga wina amene anaphunzira anandiuza kuti mitundu yambiri ya relaxer ili ndi soda yowotcha, kuti sapaka pamutu wokandidwa, ndipo amayamba ateteza khungu ndi mafuta. Anandiuzanso kuti azimayi amene tsitsi lawo latha pachipumi, ambiri ndife oluka tinawathetsa chifukwa chokoka kwambiri. Ndinachita manyazi, Azakhali. Zaka khumi ndikugwira mitu ya anthu mongopenekera.

Ndinafufuza ndipo ndapeza sukulu yolembetsedwa ku TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, imene imaphunzitsa tsitsi, zikhadabo ndi make-up. Ndalama zili kumeneko. Mkwatibwi mmodzi pa kitchen party amalipira wom'kongoletsa ndalama zimene ine ndimazipeza nditaluka mitu ya sabata yathunthu, ndipo sabwera pakhonde pa munthu, amapita kwa amene ali ndi galasi lalikulu, dryer ndi satifiketi pakhoma.

Tsopano vuto langa ndi ili. Bambo a kunyumba amagula soya ndi mtedza m'midzi ya ku Chadiza n'kumagulitsa m'tauni. Si munthu wankhanza, sanandikwezerepo dzanja, ndipo ana sagona ndi njala. Nditawauza za sukulu sanakane. Anati malonda a chaka chino akatha adzalipira fizi yonse, adzandigulira zipangizo ku Kamwala akapita ku Lusaka, ndipo adzandipezera kashopu pafupi ndi msika wa Kapata. Ndinagwada kuthokoza. Ndisanadzuke n'komwe anawonjezera kuti saluniyo idzalembetsedwa m'dzina lawo ku PACRA, bungwe lolembetsa mabizinesi, laisensi ya ku khonsolo idzakhalanso yawo, ndipo makasitomala olipira pa foni azidzatumiza pa nambala yawo. Akuti mkazi akayamba kugwira ndalama zake amamera mapiko. Akuti ine ndizidzangonena chimene ndikufuna, iwo azidzandipatsa.

Apongozi anga akazi ndiwo akukolezera moto. Amanena pamaso panga kuti akazi a m'saluni ndi amiseche, amaphunzitsana zoipa, ndipo mabanja ambiri athera pansi pa dryer. Alangizi amene anandilanga polowa m'banja nawonso akuti ndilandire, chuma cha mwamuna ndi cha mkazi yemwe, ndisakhale ngati munthu wopatsidwa nkhuku n'kumafunsa mwini khola.

Mwina akunena zoona. Koma ine ndinaona ndi maso anga zimene zinachitikira amayi anga aang'ono ku Katete. Anali atelala. Makina awiri osokera anagula ndi thukuta lawo, koma malisiti ndi shopu zinali m'dzina la amuna awo. Bambowo atamwalira, maliro asanathe n'komwe, abale a mwamuna ananyamula makina onse pangolo. Lamulo la chuma cha masiye la 1989 lilipo, limati munthu akafa osasiya wilu ana amalandira magawo 50 pa 100, mkazi 20, makolo 20 ndipo ena odalira malemuyo 10. Koma taonani, ngakhale lamulolo likanatsatidwa, iwo akanalandira gawo chabe la makina amene anali awo onse. Lero amasokera anthu zigamba ndi singano yamanja. Sindikufunira amuna anga imfa, Mulungu andikhululukire, koma msewu wa ku Chadiza amauyenda usiku pa kanta yodzaza matumba. Ndipo ngakhale akhale ndi moyo zaka 100, ine ndikufuna kuti tsiku limene amayi anga adwala kumudzi ndizitumiza ya mankhwala osayamba ndadikira kuti munthu adzuke bwino.

Njira ina ilipo, koma ndi yaitali. Mkulu wanga akuti ndilembere thandizo la CDF, ndalama za boma zachitukuko cha m'madera. Kuchokera 2022, pamene ndalamazi zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, muli gawo lolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja, ndipo mafomu amadzera ku komiti yachitukuko ya wadi. Atsikana awiri a kutchalitchi kwathu anaphunzira kusoka mwa njira imeneyi. Koma ofuna ndi ambiri, mwina ndingadikire chaka kapena ziwiri, ndipo zaka 35 zimene unyamata umathera sizili kutali. Komanso thandizolo likandiphunzitsa, zipangizo ndi lendi ya shopu zidzakhala zondiyembekezera. Ndili m'chilimba cha azimayi khumi, timaponya K100 pa sabata, ndiye ikafika nthawi yanga ndimalandira K1,000. Imeneyo ingagule blower, galasi ndi zina zazing'ono, koma dryer ayi. Nanga magetsi akayambanso kuzima monga anachitira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, wopanda jenereta kapena sola amangokhala n'kumayang'ana makasitomala akudutsa. Za kaloba sindikufuna n'kumva komwe, ndaona anthu akulandidwa mafiriji.

Chimene chikundisowetsa tulo kwambiri n'chakuti ndikakana ndalama zawo, adzati ndawanyoza, ndipo mwina adzakana kuti ndizichoka panyumba m'mawa kupita kusukuluko. Ana ndani adzawaona? Pano ndimaluka ndikuyang'ana mphika. Ndikalandira, ndidzakhala wantchito wosalipidwa m'saluni imene anthu azidzaitchula dzina langa. Mnzanga uja akuti ndilandire fizi yokha, ndiphunzire, pakuti satifiketi ndi luso palibe angazinyamule pangolo, nkhani ya shopu tidzaione ndikamaliza. Koma kodi kumeneko si kuwanamiza amuna anga, kuvomera ndi pakamwa mtima uli kwina?

Ndithandizeni, Azakhali. Kodi n'zotheka kulembetsa bizinesi m'maina a anthu awiri, kuti aliyense akhale ndi gawo lake lodziwika, ndipo ndingayambire pati? Nanga nkhaniyi ndingaiyambe bwanji kwa bambo a kunyumba osaoneka ngati ndikuwerengera masiku awo kapena ndikukonzekera kuthawa banja? Ndiitane ankhoswe, kapena zimenezo zingakulitse nkhani imene ikanathera kuchipinda? Soya ayamba kugula mwezi wamawa, ndipo andiuza kuti akufuna yankho langa asanapite kumidzi.

Ndine wanu,
Mayi woluka tsitsi,
Mchini, Chipata