Romeo ndi Juliet anafika pa basi

Mnzanga wokondeka,

Kalata yako ndinailandira, ndipo pepa kuti ndayankha mochedwa. Ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno ku America sindikukuzolowerabe. Ndinaseka ndekha nditawerenga zoti ana a m'kalasi mwako akangomva dzina la Shakespeare maso amalemera, ena mpaka kuwodzera bukhu lili m'manja. Usawakalipire kwambiri. Kodi ife tinkatani pa msinkhu umenewo? Si iwe amene unkaloweza mayankho osadziwa n'komwe kuti akulankhulayo ndani?

Kalata yakoyo inafika pa nthawi yake, chifukwa ndili ndi nkhani yoti ndikuuze. Tauni imene ndikukhala ndi yaing'ono, kutali ndi New York, ndipo zisudzo zenizeni sizifikafika. Pa koleji ya kuno pali holo yaikulu, ndipo ine nthawi zina ndimadzipereka kukathandiza kulozera anthu mipando, malipiro ake n'kuonera ulere. Tsiku lina kunabwera gulu lotchedwa The Acting Company. Likulu lawo lili ku New York, koma ntchito yawo ndi ya pamsewu: kuyenda dziko lonse ndi masewero akale otchuka, kufika m'makoleji, m'masukulu ndi m'matauni amene magulu akuluakulu sapitako. Anabwera ndi Romeo ndi Juliet, ndipo chionetsero cha m'mawa chinali cha ana a sukulu za sekondale okhaokha.

Anawo analowa monga ana alowera, phokoso, kukankhana, mafoni m'manja. Ndinati mumtima, lero aphunzitsi awa aona zakuda. Koma sewerolo limayamba ndi antchito a mabanja awiri odana aja akutukwanizana pamsewu, kenako malupanga. Holo yonse inati zii. Mnyamata wina amene anakhala pafupi ndi pomwe ndinaima ananong'oneza mnzake kuti, "Kani nkhaniyi ndi ya ndewu?" Bukhulo anali atawerenga m'kalasi, koma zoti muli ndewu sanazione.

Pamene panandigwira mtima ine ndi pomwe awiriwa akumana koyamba paphwando. Iwe ukudziwa kuti mawu amene amalankhulana pamenepo ndi ndakatulo imodzi ya mizere 14, imene aigawana: uyu anena mizere inayi, uyo ayankha inayi, kenako ayamba kulandizana mzere ndi mzere mpaka kupsompsonana. Pa pepala zimenezi ndi mfundo yoloweza pokonzekera mayeso. Pa siteji ndinaona chifukwa chake. Mtsikanayo amatenga mawu a mnyamatayo n'kuwabweza atawapotoza, ngati akumuyesa nzeru, ndipo umachita kuona kuti anthu awiri osadziwana apeza kuti amaganiza mofanana. Atsikana a kutsogolo anakuwa. Palibe amene anawamasulira Chingerezi chakale chija. Thupi la wosewera, kupuma kwake, pamene waima ndi pamene wathamangitsa mawu, zonsezo ndiye zinali mtanthauziramawu.

Nditabwerera kunyumba ndinafufuza mbiri ya gululi, ndipo inandikoka. Linayamba mu 1972. Amene analiyambitsa ndi John Houseman ndi Margot Harley. Houseman anali mkulu wa gawo la zisudzo pa sukulu ya Juilliard ku New York, gawo limene linatsegulidwa mu 1968. Ophunzira oyamba atamaliza maphunziro awo a zaka zinayi, iye anaona kuti n'kulakwa kuwamwaza aliyense kukasaka ganyu payekha, anthu amene anazolowerana kale pa siteji. Ndiye anawasunga pamodzi n'kuwatumiza pamsewu. M'gulu loyambalo munali Kevin Kline, amene pambuyo pake anadzapata mphoto ya Oscar, Patti LuPone, amene lero ndi mmodzi mwa akatswiri a Broadway, chimake cha zisudzo ku New York, komanso David Ogden Stiers. Mu 2003 gululi linalandira ulemu wapadera wa Tony, mphoto yaikulu ya zisudzo ku America, chifukwa cha ntchito yake.

Houseman yekhayo ndi nkhani. Anabadwira ku Bucharest mu 1902, anaphunzira ku England, ndipo ku America anayamba ndi malonda a tirigu, zisudzo zinabwera pambuyo. M'zaka za umphawi waukulu za m'ma 1930, boma la Pulezidenti Roosevelt linakhazikitsa Federal Theatre Project kuti ochita zisudzo amene analibe ntchito apeze pogwira. Houseman ankatsogolera nthambi ya ku Harlem, dera la anthu akuda ku New York, ndipo anaitana mnyamata wa zaka 20, Orson Welles, kuti akonze Macbeth ndi osewera akuda okhaokha, nkhaniyo ataisamutsa kuchoka ku Scotland kupita pa chilumba chonga Haiti. Mu 1936 anthu anadzaza Lafayette Theatre, ndipo kenako sewerolo linayenda m'mizinda ina. Mu 1939 aphungu a ku Congress anadula ndalama za ntchito yonseyo, n'kutha. Ndikuganiza kuti munthu amene anaona zimenezi ndi maso ake sakanaiwala zinthu ziwiri: kuti anthu wamba amawakonda masewerowa akawafikira, ndiponso kuti ndalama zoyendetsera ntchito yotere sizichedwa kuuma.

Za ndalamazo sizinasinthe. Matikiti a ana a sukulu sangalipire basi, lole yonyamula katundu wa pa siteji, malo ogona ndi malipiro a gulu lonse kwa miyezi. Magulu otere amadalira anthu akufuna kwabwino ndi mabungwe. Bungwe la boma loona za luso, National Endowment for the Arts, linayambitsa mu 2003 ndondomeko ya Shakespeare in American Communities, yothandiza magulu a zisudzo kufikitsa masewerowa kwa ana a sukulu. Ndiye usaganize kuti kuno zinthu zimangoyenda zokha. Nawonso amapemphetsa, kungoti amapempha atavala tayi.

Chionetsero chitatha osewera anabwerera pa siteji, atapukuta thukuta, n'kukhala pansi kuyankha mafunso. Mwana wina anafunsa ngati malupangawo ndi enieni. Anamuyankha kuti ndi achitsulo ndithu koma osanola, ndipo ndewu iliyonse amaiyeserera pang'onopang'ono ngati gule, phazi lililonse ndi malo ake, ndipo amaibwereza asanayambe chionetsero chilichonse. Wina anafunsa mmene amalowezera mawu ambirimbiri chonchija. Wosewera wina anaimirira n'kuwauza kuti aike dzanja pachifuwa. Mzere wa Shakespeare, anatero, kawirikawiri umagunda kasanu, kofooka kenako kolimba, monga mtima. Anawauza kuti aponde pansi pa kugunda kulikonse kwinaku akunena mzere umodzi. Ana mazana angapo akuponda pamodzi, holo kunjenjemera! Kenako anawaonetsa mzere umene kugundako kwasokonekera, n'kufunsa kuti, munthuyu chamuchitikira n'chiyani kuti mtima wake udumphe apa? Manja anakwera ponseponse.

Chinthu china chimene ndinachikonda n'choti gululi kawirikawiri limayenda ndi masewero awiri, osewera omwewo. Amene lero ndi kalonga mawa akhoza kukhala wantchito wolankhula mizere itatu. Kwa wosewera wachinyamata sukulu yoposa imeneyi palibe: holo ya lero ndi yaikulu, ya mawa ndi yopapatiza, anthu a uku amaseka pamene a uko anakhala chete, ndipo iwe uyenera kumveka mpaka mpando wakumbuyo. Kunena zoona, ngakhale anzake a Shakespeare ankatero. Mliri ukabuka ku London, monga zinachitikira mu 1592 ndi 1593, akuluakulu ankatseka nyumba za zisudzo, ndipo magulu ankalongedza zovala n'kumayenda m'matauni, kusewera m'maholo ndi m'mabwalo a nyumba za alendo. Masewerowa anazolowera fumbi la pamsewu kalekale, ife ndi amene tinawatsekera m'kabati ya mabuku.

Sindikufuna kukunamiza kuti zonse zinali zokoma. Chigawo chachiwiri chinatalika, ndipo pamene wansembe wa m'sewero uja amafotokoza zonse zimene tinali titaziona kale, mafoni anayamba kuwala m'mizere yakumbuyo. Komanso pali chimene chimandivutabe. Gululi linafika m'mawa, madzulo linaseweranso kwa akuluakulu, kutacha basi inali itapita. Mwana amene mtima wake unayaka tsiku limenelo apita kwa yani sabata yotsatira? Alendo amayatsa moto, koma wosonkhezera ndi mphunzitsi amene watsala, ndipo ngati iyeyo abwerera ku zolemba pa bolodi, zonse zija zisanduka tsiku limene tinathawa masamu. Ndinafunsa mphunzitsi wina wamkazi potuluka ngati apitiriza zopondaponda zija m'kalasi. Anaseka n'kunena kuti mayeso ali pafupi. Ndinakumbuka iwe.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo usandiyankhe kuti nthawi palibe. Tenga phunziro limodzi lokha. Kankhirani madesiki kukhoma. Sankha mnyamata ndi mtsikana, makamaka aja olongolola amene amakusowetsa mtendere, uwapatse mizere 14 ija, aime moyang'anizana. Usawafotokozere kanthu poyamba. Anene kamodzi, anene kawiri, kachitatu uwauze kuti aliyense atsindike liwu limene walanda kwa mnzake. Otsalawo afunse kuti, akupambana ndani apa? Pa ndewu ija, marula akwanira kukhala malupanga, bola uwauze kuti ayende pang'onopang'ono, ndisadzamve kuti mwana wa eni wachotsedwa diso chifukwa cha kalata yanga. Uwauzenso kuti m'nthawi ya Shakespeare akazi sankaloledwa pa siteji, moti Juliet woyamba anali mnyamata. Ndikudziwa kuti pamenepo kalasi idzaphulika, ndipo amene anali kuwodzera adzadzuka.

Kapepala ka ndondomeko ya chionetserocho ndakasunga, muli zithunzi za zovala ndi mafunso angapo okambirana ndi ophunzira. Ndikajambula n'kukutumizira pa WhatsApp mawa ndikaweruka. Undilembere zimene zichitike, ngakhale zitakanika, makamaka zikakanika, chifukwa ndikufuna kuseka. Upereke moni kwa alamu ndi ana. Uwauze amayi kuti chithunzi chawo chija ndinachipachika pabalaza.

Ndine mnzako wakalekale.