Asilamu oyambirira anathawira ku Africa

Akonzi,

Pamsika wa Bangula ndinamva mnyamata wina akunena kuti Chisilamu n'chachilendo mu Africa, ndipo mawuwo anandiwawa mumtima. Mneneri Muhammad atayamba kulalikira ku Makka kuti Mulungu ndi mmodzi yekha, akuluakulu a fuko la Quraysh anazunza otsatira ake, moti cha m'ma 615 ena anawoloka Nyanja Yofiira n'kukabisala ku Abyssinia, dera la Ethiopia ndi Eritrea masiku ano, kumene mfumu yachikhristu inakanitsitsa kuwabweza ngakhale adani awo anaipatsa mphatso. Ulendo wotchuka wa Mneneriyo ndi otsatira ake wosamuka ku Makka kupita ku Madina unadza pambuyo, mu 622.

Chonde tilembereni mbiri imeneyi mwatsatanetsatane, pakuti ife a kuchigwa kuno, amene tinadyera limodzi nsima ya mapira ndi abale othawa nkhondo ku Mozambique, tidzaimvetsa msanga.

Wowerenga wanu,
Bangula, Nsanje