Zikomo a kiliniki ya matenda a maganizo

Kwa akuluakulu ndi onse ogwira ntchito pa kilinikiyi,

Ndati ndichite kulemba poti ndikafika pamaso panu mawu amandithawa. Zikomo kwambiri, ndipo chonde muwauzeko anesi aja a mbali ya odwala oyendera chifukwa zonse zinayambira kwa iwowo.

Ine ndinabwera ndi mutu, mtima kuthamanga, usiku osagona mpaka kucha, ndimangoti mwina ndi BP. Anandiyeza BP, shuga, magazi, zonse zili bwinobwino, ndiye ndimangodikira kuti andipatsa panado ndizipita. Koma anesiwo anaika cholembera pansi nkundifunsa kuti "Bambo, kunyumba zikuyenda bwanji?" Aaa ine misozi yokhayokha. Sanandifulumizitse ngakhale panja mzere unali wautali. Kenako anatenga pepala lija la mafunso 9, PHQ-9, lofunsa za masabata 2 apitawa, kagonedwe, kadyedwe, ngati zomwe ndinkakonda zikundisangalatsabe. Funso lomaliza ndi la maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza, ndipo anandifunsa mosazungulira akundiyang'ana. Panalibe amene anandifunsapo zimenezo, ndipo yankho langa linali eya.

Adokotala anati ndi depression, kukhumudwa kwakukulu kwa nthawi yaitali, matenda ngati ena onse, si ulesi kapena kufooka ngati mmene anthu ena amanenera. Chomwe ndikuyamika kwambiri nchoti anandiuziratu zoona za mankhwala, kuti fluoxetine sagwira tsiku lomwelo, pamapita masabata mwina 4 mpaka 6 kuti umve kusintha kwenikweni, masiku oyamba pamatha kukhala nseru ndi mutu, komanso ukayamba kupeza bwino usasiye wekha, upitirize miyezi 6 kapena kuposa ndipo nthawi yosiya ikakwana adokotala ndi amene amakuuza kasiyidwe kake. Akanapanda kunena zimenezi ine mapiritsiwo ndikanataya sabata yoyamba yomwe, chifukwa nseruyo inabweradi.

Aphungu anu nawonso ndiwathokoze. Tinalemba limodzi pakapepala zizindikiro zoti zinthu zayamba kuvuta ndi anthu oti ndiwaimbire foni ngakhale pakati pa usiku, kapepalako ndimayenda nako mchikwama. Asanalankhule ndi akazi anga anayamba andipempha kaye chilolezo, zimenezi zinandipatsa ulemu kwambiri. Tsiku lina sindinabwere, thupi linangokana kudzuka, iwo anaimba foni osakalipa, kungofunsa ngati ndili bwino nkundipatsa tsiku lina.

Pano ndikugona ndipo ndinabwerera ku ntchito, masiku ena amavutabe koma osati ngati kale. Pempho langa ndi limodzi, mafunso aja muziwafunsa aliyense wobwera ndi mutu wosatha komanso kusowa tulo, makamaka ife azibambo, chifukwa patokha sitingayambitse nkhaniyi.

Ine wanu,
M'modzi mwa odwala anu