Ana oimba rock mu Lilongwe akusowa bwalo la masana

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene yandisowetsa tulo kwa miyezi ingapo, yokhudza ana athu amene ayamba kuimba asanakwanitse zaka 18. Ine ndine bambo wachikulire wa ku Kawale, ndipo ndinaimba gitala m'kwaya ya kumpingo kwathu kwa zaka zambiri, zala zisanayambe kuuma. Mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 16 amene ali Fomu 3, amapeka yekha nyimbo za chamba cha rock, amaziimba m'Chichewa, ndipo gitala yamagetsi amadziimbira yekha. Popeza ine ndiye mwini mbumba, nkhani zake zonse zimafikira kwa ine, ndipo zimene ndaona poyenda naye n'zimene zandichititsa kutenga cholembera.

Ndivomere kuti poyamba ine ndemwe ndinali mdani wake wamkulu. Tsiku lina madzulo ndinapita kukaona mlongo wangayo, ndipo ndisanalowe n'komwe pampanda ndinamva phokoso lokanda m'makutu likuchokera kukhitchini ya kuseri kwa nyumba. Ndinampeza mwanayo atakhala pampondo, gitala ili pamiyendo, kasipika kakang'ono kali pamwamba pa thumba la makala. Ndinamuuza kuti azimitse chifukwa sipika yafa, koma iye anagwada n'kundiyankha mwaulemu kuti, "Amalume, sipika ili bwinobwino, mawu okandawo ndimachita kuwafuna." Kenako anandionetsa kabokosi kamene amaponda ndi phazi kuti kulira kwa gitala kusinthe kukhale kosasa, ndiponso kope lakale la Biology limene masamba ake akumapeto anali atadzaza ndi mawu a nyimbo, ena ofufutafufuta mpaka pepala kubooka. Nyimbo imene anandiimbira tsikulo inali yonena za mayi amene amadzuka tambala woyamba asanalire kukaima pamzere wa madzi, n'kubwerako ndowa ili gwa. Nsambo imodzi ya gitalayo inali itaduka kale, ndipo m'malo mwake anali atamangapo waya wa buleki ya njinga, monga mmene tinkachitira ndi mabanjo athu tili anyamata. Ndinachoka pamenepo ndilibe mawu, chifukwa zimene ndinkazitcha phokoso zinali nkhani ya mlongo wanga yemwe.

Anthu ena kudera kwathu, kuphatikizapo anzanga a kumpingo, amati rock ndi nyimbo za azungu, ndipo ena amafika ponena kuti ndi za satana. Amene amatero ayenera kuti anaiwala zimene zinkachitika kwa anansi athu ku Zambia m'zaka za m'ma 1970, pamene mabandi monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anatchuka ndi chamba chimene lero chimatchedwa Zamrock, ndipo zina mwa nyimbo zawo zinali m'Chinyanja chimene ife timamva popanda womasulira. Reggae inachokera ku Jamaica, koma palibe amene amauza a Black Missionaries a ku Chileka kuti akuimba zachilendo. Gitala yeniyeniyo sinabadwire kuno, komabe malemu Daniel Kachamba anaiyankhulitsa Chichewa, monganso malemu Allan Namoko anachitira ndi banjo. Anyamata awiri a Madalitso Band ankaimba m'misewu ya mu Lilongwe muno ndi gitala ndi babatoni (besi wa nsambo imodzi) wopanga okha, anthu akuwadutsa ngati sakuwaona, koma lero amaitanidwa kumaiko a ku Ulaya. Choncho za chilendozo tizisiye. Vuto lenileni lili pena.

Mnyamata amene amaimba potsatira ng'oma zopangidwa pakompyuta amangofunika fulashi m'thumba ndi maikolofoni m'manja, basi wafika papulatifomu. Woimba rock sangatero, chifukwa nyimbo yake imafuna anthu atatu kapena anayi: wa gitala, wa besi, wa ng'oma, ndi woimba mawu, ndipo onsewo ayenera kukumana kawirikawiri m'chipinda chimodzi chokhala ndi magetsi kuti azolowerane. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ngakhale paketi ya nsambo yasanduka katundu woyamba wakambirana kaye pabanja musanagule. Masitudiyo ambiri ang'onoang'ono m'matauni mwathu anazolowera kupanga ng'oma pakompyuta, moti ukawauza kuti ukufuna kujambula ng'oma zenizeni, zimene zimafuna maikolofoni angapo ndi chipinda chosabweza mawu, amangokuyang'ana. Komabe mwana wa mlongo wangayo ndi anzake atatu a m'bandi yawo, onse a sukulu, amapirira zonsezi, amabwerekana zipangizo, ndipo magetsi akathima amayeserera ndi gitala yopanda magetsi ndi ndowa.

Chimene sangachipirire paokha ndicho kusowa malo oimbira. Woimba amakula poimba pamaso pa anthu, pamene amaona nyimbo imene yawagwira mtima ndi imene yawatumiza kukagula chiwaya, ndipo zimenezi palibe foni imene ingamuphunzitse. Koma mu Lilongwe muno, malo ambiri amene bandi ingaimbe ndi omwera mowa, ndipo zoimbaimba zake zimayamba usiku anthu atakhuta. Miyezi itatu yapitayo, mkulu wina wokonza zisangalalo anaitana ana athuwa kuti akatsegulire bandi ina pamalo ena achisangalalo, ndipo anatilonjeza kuti adzakwera papulatifomu 6 koloko madzulo. Ndinawaperekeza ndekha. Nthawi inakwana 8 koloko, kenako 10 koloko, ana ali pakona pafupi ndi makireti a mowa atakumbatira zipangizo zawo, kwinaku amuna a msinkhu wanga akumuitana mwana wa mlongo wanga ndi mayina amene sindingawalembe m'nyuzipepala yolemekezeka. Itakwana 11 koloko ndinawauza kuti anyamule katundu, tinakwera galimoto yahayala imene ndinalipira ndekha, ndipo mwanayo analira njira yonse mpaka ku Kawale, osati chifukwa cha achipongwe aja, koma chifukwa sanaimbe. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo mwana alibe malo m'bala usiku. Ndikugwirizana nalo lamulolo ndi mtima wonse, koma funso langa ndi lakuti, ngati tamutsekera khomo la usiku, khomo la masana lili kuti?

Pamene palibe bwalo loyenera, mwana amagwira chilichonse chimene chamuyandikira, ndipo apa m'pamene akamberembere amalowera. Patangopita masabata awiri chichitikireni za kubala kuja, mnyamata wina wa situdiyo anamuuza mwanayo kuti amujambulira nyimbo zitatu ulere, bola asaine kapepala kena. Mwamwayi anabwera nako kwa ine asanasaine. Kanali m'Chingerezi cha maloya, koma nditakawerenga kawiri ndinaona kuti kakunena kuti nyimbo zonse zimene wapeka ndi zimene adzapeke kwa zaka zisanu zidzakhala za mwini situdiyoyo, ndipo panalibe ngakhale mzere woti kholo lisainepo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Makolo anzanga adziwe kuti nyimbo ndi chuma cha amene waipeka kuyambira tsiku limene waipeka, kuti dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndiponso kuti bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likulu lake lili mu Lilongwe momwe muno, ndilo limalembetsa nyimbo ndi kutolera ndalama kwa amene amazigwiritsa ntchito, monga nyumba zoulutsa mawu, kuti zifike kwa eni ake. Ine ndinaimba gitala moyo wanga wonse osadziwa kusiyana kwa umwini wa nyimbo yopekedwa ndi umwini wa chojambulidwa cha nyimboyo, ndiye kuli bwanji mwana wa Fomu 3? Ndikupempha bungweli kuti lizifikanso m'sukulu za sekondale, popeza opeka nyimbo ambiri amayamba akadali pa yunifolomu.

Sindikunena kuti palibe amene akuchitapo kanthu. A Music Crossroads ku Area 23 akhala akuphunzitsa achinyamata kuimba zipangizo zenizeni kwa zaka zambiri, ndipo ena mwa oimba m'mabandi amene timawaona lero anadutsa m'manja mwawo. Chikondwerero cha Tumaini, chimene chinayamba mu 2014 kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka m'boma la Dowa, chinationetsa kuti zoimbaimba zingathe kuyamba dzuwa lili pamutu, anthu n'kulowa ulere, ana ndi makolo awo n'kuonera limodzi. Koma sukulu imodzi singakwanire mzinda wonse, ndipo chikondwerero cha kamodzi pachaka sichingalere woimba amene akufunika kuima pamaso pa anthu mwezi ndi mwezi.

Pempho langa silofuna ndalama za boma kapena nyumba yatsopano. Sukulu zambiri za sekondale mu mzinda muno zili ndi maholo amene amakhala otseka Loweruka masana ngati mulibe ukwati, ndipo mipingo yambiri ili ndi ng'oma, masipika ndi makiyibodi amene amagona m'kabati kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Aphunzitsi aakulu, atsogoleri a mipingo ndi a khonsolo ya mzinda atagwirizana zotsegula holo imodzi m'dera lililonse, Loweruka limodzi pamwezi, kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko madzulo, popanda mowa, makolo atakhala kumbuyo, ana amenewa angakhale ndi poyambira. Cholowera pakhomo chikhale chochepa, chokwanira mayunitsi a magetsi ndi kangachepe kogawana oimba, kuti aphunzire msanga kuti luso limalipidwa. Lamulo likhale limodzi lokha, lakuti aliyense wokwera papulatifomu aimbe nyimbo yopeka yekha ndi zipangizo zenizeni, kaya ndi rock, kaya ndi manganje, kaya ndi nyimbo zauzimu. Nawonso a wailesi angathandize popatula ngakhale theka la ola pasabata la nyimbo za ana a sukulu, chifukwa wachinyamata amene alibe womudziwa sadziwa n'komwe khomo logogoda kuti nyimbo yake imveke.

Ena adzafunsa za sukulu, ndipo ali ndi chifukwa chomveka, popeza taonapo ana amene anataya makope atangowomberedwa m'manja kamodzi. Kwathu tinamangana pangano: gitala imakhala m'chipinda mwanga kuyambira Lamlungu madzulo mpaka Lachisanu akaweruka, ndipo akatsika m'kalasi idzakhalamo teremu yonse. Chaka chamawa ali ndi mayeso a MSCE, ndipo akudziwa kuti pa nkhani imeneyo amalume ake alibe nthabwala. Mpaka pano sanatsike, ndipo mphunzitsi wake wa Chichewa anandiuza kuti ndakatulo zake ndi zimene amawerengera anzake m'kalasi.

Panopa ana anayiwa ali ndi nyimbo zisanu ndi imodzi zokonzeka, ndipo akhala omasuka mayeso a teremu ino akatha. Ine ndadzipereka kunyamula zipangizo, kuima pakhomo, ndi kusesa holo zonse zikatha. Mphunzitsi wamkulu kapena mbusa amene ali ndi holo ku Kawale, ku Biwi, ku Chilinde kapena kwa Mchesi ayankhe kudzera patsamba lino la makalata, ndipo ndidzamupeza kuofesi kwake.

Ine wanu,
Malume wa ku Kawale,
Lilongwe