Kalata kwa Tadala ku Manchester

Mwana wanga Tadala,

Kuno tonse tili bwino. Amayi ako akupereka moni, ndipo akuti usaiwale kuvala zofunda popita kuntchito ya usiku.

Ndakhala ndikuilingalira nkhani ya khadi ya ngongole ya American Express ija. Akukulonjeza mapointi 20,000 ukagula zinthu za mapaundi 3,000 m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo iwe ukudandaula kuti sungafikepo chifukwa sudya ndalama zochuluka chotero. Tadala, chimene ukudandaulacho ndi chimene ine ndimakunyadira nacho. Ndagwira ntchito yowerengera ndalama moyo wanga wonse, ndipo munthu wodziwa kusunga ndalama ngati iwe ndimamulemekeza. Sindikufuna kuti khadi ikusinthe khalidwe limeneli.

Tiyambe ndi masamu. Mapaundi 3,000 pa miyezi itatu ndi mapaundi 1,000 mwezi uliwonse. Lendi, imene imadya gawo lalikulu la malipiro ako, umalipira kuchokera ku akaunti ya kubanki, choncho siilowa m'chiwerengerochi. Zatsala ndi chakudya, basi, foni ndi tina n'tina. Tsono mapointi 20,000 aja, ukawagwiritsa ntchito pogula zinthu m'sitolo, mtengo wake ndi wa m'ma mapaundi 100. Amakwererako ukawasandutsa Avios, mapointi a makampani a ndege ngati British Airways, n'kulipirira ndege, koma osati kwambiri. Ndiye ukagula jekete, nsapato ndi foni yatsopano zimene sunazifune, za mapaundi 600, kuti upeze mphoto ya mapaundi 100, wapindula ndi mwini khadi. Iye amadziwa bwino kuti munthu akapatsidwa malire ndi tsiku lomaliza amayamba kuona zosowa zimene dzulo analibe. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikukuletsa kutenga khadiyo. Ndikuti uitenge pa nthawi yake, pamene uli kale ndi chinthu chachikulu choti ulipire ndipo ndalama yake ili kale mu akaunti. Kwa iwe chinthucho ndi tikiti yobwerera kuno mu Disembala. Kaya ukwera Ethiopian Airlines kudzera ku Addis Ababa kapena Kenya Airways kudzera ku Nairobi, tikiti ya nyengo ya Khirisimasi imakwera mtengo, ndipo yokhayo ingakufikitse patali. Usafunsire khadi lero. Dikira mpaka sabata imene wakonzeka kugula tikiti, chifukwa miyezi itatu ija imayamba kuwerengedwa akangokuvomereza, ngakhale khadi isanafike pakhomo. Gula tikitiyo kwa kampani ya ndege yeniyeniyo. Ku Britain kuli lamulo la 1974 la Consumer Credit Act, ndime 75, limene limati ukagula ndi khadi ya ngongole chinthu choposa mapaundi 100 mpaka 30,000, wogulitsa akalephera kukupatsa chimene walipira, kampani ya khadi nayonso ili ndi udindo wokubwezera. Ukadzera mwa munthu wapakati chitetezo chimenechi chimatha kuvuta. Kwa ine chitetezochi n'chofunika kuposa mapointi.

Pamwamba pa tikiti uonjeze zimene ukanalipira ndithu. Inshuwalansi ya galimoto ukailipira ya chaka chonse kamodzi imatsika mtengo, popeza yolipira mwezi ndi mwezi nthawi zambiri amaikapo chiwongoladzanja. Mafuta a galimoto, chakudya cha ku Tesco kapena Sainsbury's, mphatso zimene ukanabweretsera ana a achemwali ako, zonsezi zidutse pa khadi. Uzifunsa kaye, chifukwa si malo onse amene amalandira American Express, makamaka timasitolo tating'ono. Ndipo ukabweza katundu kusitolo, ndalama yake amaichotsa pa chiwerengero chija, ndiye usadalire kuti wafika pomwe wangopitirira ndi mapaundi awiri.

Unatchula zoti anzako a kuchipatala angamakupatse ndalama iwe n'kumawalipirira ndi khadi. Apa ndili ndi mantha. Ngati mnzako wakutumizira ndalama yonse usanalipire, palibe vuto. Koma mawu akuti "ndikupatsa mwezi ukatha" ndawaona akuthetsa chibale cha anthu obadwa bere limodzi. Ngongoleyo imakhala m'dzina lako, ndipo tsiku lolipira likafika akufunsa iwe.

Tsopano mvetsetsa ichi, chifukwa chikutikhudza ife. Ndikudziwa kuti mumtima mwako waganiza kuti ndalama imene umatitumizira mwezi ndi mwezi uziichotsa pa khadi kuti ikuthandize kufika pa 3,000. Usatero. Makampani ambiri a makhadi amaona kutumiza ndalama kotere ngati kutapa ndalama pa makina a ATM. Amadulapo kangachepe pomwepo, chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo, ndipo mapointi sapereka. Kupatula apo, ine ndi amayi ako sitingagone tulo tikadziwa kuti ufa umene tikudya wachokera pa ngongole ya mwana wathu. Mwezi umene zakuthina, utiuze. Chimanga tili nacho.

Tsiku limene khadi yafika, konza kuti banki izilipira yokha ngongole yonse mwezi uliwonse. Pa fomu pamakhala kusankha pakati pa kulipira yonse ndi kulipira kochepa kamene amalola, sankha yonse. Chiwongoladzanja cha makhadi ngati amenewa chimapitirira 20 peresenti pa chaka, moti ukangosiya mapaundi 1,000 osalipira kwa miyezi ingapo, mphoto yonse yapita. Ulembenso pa kalendala mwezi wa 11 kuchokera pamene watenga khadiyo. Chaka choyamba khadi imeneyi, ya American Express Gold, salipiritsa, koma chachiwiri amafuna ndalama ya pachaka yoposa mtengo wa mapointi ako aja. Ukafika pamenepo uone ngati ikukupindulira, ngati ayi uitseke.

Chomaliza ndi nyumba imene ukulota kugula. Ukafunsira khadi, kafukufuku amene amakuchita amalembedwa m'mbiri yako ya ngongole ku mabungwe monga Experian ndi Equifax, ndipo obwereketsa ndalama za nyumba amayang'ana mmenemo. Khadi imodzi yolipidwa bwino imakongoletsa mbiri. Koma ngati ukufuna kukapempha ngongole ya nyumba m'miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi, khadi idikire.

Khala pansi ndi pepala, ulembe tikiti, inshuwalansi ndi chakudya cha miyezi itatu. Zikakwana 3,000, tenga khadiyo ndi mtima woyera. Zikaperewera ndi mapaundi mazana angapo, isiye, mwayi wotere amaubwereza kawirikawiri. Unditumizire pepalalo pa WhatsApp tiwerengere limodzi Lamlungu tikachoka kutchalitchi, ndipo undiuzenso tsiku limene ukuganiza zotera ku Chileka kuti ndiuziretu achimwene ako za galimoto.

Ndine bambo ako okukonda,
ku Zomba