Kalata yoyamikira pa nkhani ya kiyi ya Hilux yathu

Kwa a Manijala a galaja,
Chipata.

Bambo,

Tinabwera kwanu titataya kale mtima. Mutu wapulasitiki wa kiyi ya Hilux yathu utasweka, tinadulitsa kiyi ina pamsika. Inkatsegula chitseko, sitata inkazungulitsa injini, koma motoka osalira. Makanika woyamba anatigulitsa pampu ya mafuta. Wachiwiri anasolola pulayala kuti adule mawaya a pansi pa chiwongolero. Wachitatu anati tiikokere ku Lusaka akasinthe kompyuta yonse. Onsewa palibe anafunsa za kiyi yakale.

Mnyamata wanu uja wa ovolosi yong'ambika pabondo ndiye anayambira pomwepo: "Atate, mutu wosweka uja munautaya?" Anatipatsa mpando pamthunzi, iye n'kugwada m'motoka kufufuza pansi pa mphasa mpaka anapeza zidutswa zake. Ndi nsonga ya kasikuludiraiva anatulutsamo kachipu kakuda, kochepa ngati njere ya mpunga, n'kutiika pachikhatho kuti tikaone.

Anafotokoza modekha kuti kachipuko, transponder, sikakhala ndi batire. Pakamwa pa igilisheni pali koyilo yozungulira ngati mphete. Kiyi ikalowa, koyiloyo imatumiza mafunde ofika masentimita ochepa okha, kachipu kamatengapo mphamvu n'kuyankha ndi nambala yake yachinsinsi. Immobilizer, chipangizo choletsa motoka kulira ndi kiyi yachilendo, ikaizindikira nambalayo, imalola kompyuta ya injini kupereka mafuta ndi moto wa mapulagi. Ikapanda kuizindikira, mungathe batire yonse mukuzungulitsa. Umboni unali pamaso pathu masiku onsewa: kanyali kofiira ka padashibodi kankaphethirabe kiyi ili mkati, pomwe kamayenera kuzima. Amisiri atatu aja kaya ankayang'ana kuti.

Anasamutsira kachipuko mumutu watsopano, motoka inalira kamodzi n'kamodzi. Anationetsanso chilembo G chodindidwa pachitsulo cha kiyi yakale, nati yapadera iyenera kukhala ya chipu cha mtundu womwewo, osati cha H. Kiyi yapaderayo anailembetsa mu immobilizer polumikiza makina pa soketi ya OBD (yoyezerapo motoka) ya mabowo 16 ili pansi pa chiwongolero, zomwe zinatheka msanga chifukwa master key, kiyi yaikulu imene imalola kulembetsa makiyi ena, inalipo. Zikanakhala kuti zonse zatayika, bwenzi pakufunika kufufuta immobilizer n'kuyambiranso, ndipo apo ndi pamene ndalama imapita.

Potsazikana anatichenjeza kuti tisamangirire makiyi awiri a chipu pamphete imodzi, chifukwa amayankha pamodzi n'kusokoneza koyilo. Batire ya rimoti ya kiyi yoteroyi nayo ndi ya zitseko chabe, ikatha motoka imalirabe. Ya kolodiringi imene tinamupatira anaikana, nati risiti yakwana.

Za kuofesi kwanu zinayenda bwino, sitinaimikidwe pawindo. Chonde mumufikitsire kuthokoza kwathu mnyamatayo pamaso pa anzake. Pampu yatsopano ija tikadali nayo m'katoni, makanika amene anatigulitsa uja sayankhanso foni.

Zikomo kwambiri,
Eni Hilux yoyera ya ku Kapata