Nthambo yogwedezedwa ku fakitale: chasintha n'chiyani kwenikweni?

A Mkonzi,

Ndawerenga kawiri nkhani ija munalemba yonena za makampani opanga zoimbira zapamwamba amene amagwedeza nthambo ndi makina zisanatuluke m'fakitale, ati kuti zimasuke ndipo nyimbo zizimveka bwino. Mdzukulu wanga ataiwerenga anaseka mpaka misozi. Mnzanga wina wokonda nyimbo anangoimeza yonse osatafuna, ndipo pano akuyang'ana nthambo zake ndi diso lokayika. Ine ndakhala zaka 31 ndikukonza maampu (makina okweza mawu asanapite ku masipika), mamikisa ndi mamaikolofoni, ndiye ndati ndiponyepo mawu, chifukwa onse awiriwa akuphonya.

Choyamba ndinene kuti mchitidwewu ulipodi, mlembi wanu sanapeke. Kampani yodziwika nawo kwambiri ndi Naim Audio ya ku Salisbury, m'dziko la England, yomwe anaiyambitsa ndi Julian Vereker mu 1973. Nthambo zawo zina zotchedwa SNAIC amazipachika pa makina amene amazigwedeza uku ndi uku asanazilonge m'bokosi. Maganizo awo ndi akuti nthambo youma gwa imanyamula kunjenjemera kochokera ku masipika n'kukakulowetsa m'kati mwa ampu. N'chifukwa chake kampani yomweyi imakhazika mabolodi a zipangizo zake zina pa masipuling'i, ndipo mapulagi ena imawapanga dala kuti azigwedera pang'ono. Kaya mugwirizana nawo kaya ayi, anthuwa ali ndi mfundo imodzi yomwe amaitsatira paliponse, sangodzuka n'kuyamba kuvinitsa mawaya.

Ndipo pali mbali ina yomwe ndikuwavomereza ndi manja awiri. Aliyense amene anadulako nthambo pa dilamu, chigudumu chija amakulungapo nthambo ku fakitale, akudziwa kuti imatuluka ili ndi khalidwe lake. Mukaiyala pansi m'mawa kukuzizira, imadzipinda ngati njoka, mukaiwongola kuno yapotoka uko. Si kopa amene akuchita zimenezo ayi, ndi pulasitiki wakunja uja amene wazolowera kukhala wokulungidwa miyezi yambiri. Nthambo yotere mukailumikiza kumbuyo kwa ampu imakhala ikukoka soketi usana ndi usiku. Maampu amene ndawatsegula n'kupeza kuti powotcherera soketi yolowetsera mawu pa bolodi pang'aluka kamzere kozungulira, kochepa ngati tsitsi, sindingawawerenge. Mwiniwake amabwera akudandaula kuti sipika yakumanzere imazima n'kuyaka yokha, ndipo ukakhudza pulagi ndi chala mawu amabwerera. Nthawi zambiri wolakwa amakhala nthambo yolemera ndi youma, yokhotetsedwa mokakamiza pakati pa ampu ndi khoma. Choncho nthambo yofewa, yogona bwino popanda kukoka chilichonse, ndi yabwino. Zimenezo sindikutsutsa.

Palinso china choona chomwe oseka aja sachidziwa. Nthambo imatha kupanga phokoso payokha. Tengani nthambo yotchipa ya gitala, muilumikize ku ampu, mukweze voliyumu, kenako muiponde kapena muimenyetse pansi. Mumva kuti thethethe m'sipika. Chimachitika n'chakuti pulasitiki wam'kati akakhulana ndi ukonde wa timawaya womuzungulira, pamabadwa kamagetsi kangati kaja kamathetheka povula juzi mumdima. Opanga nthambo zabwino za gitala amaika kachikopa kakuda pansi pa ukondewo, kosakaniza ndi kaboni, kuti kazimwaza magetsi amenewa. Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa ntchito anawotcherera pulagi osasenda kachikopa kakudako, n'kukasiya kakukhudza waya wapakati. Gitala inayamba kulira ngati ili m'thumba. Anavutika nayo theka la tsiku akuganiza kuti ampu yafa, mpaka ndinamuonetsa ndi nsonga ya mpeni.

Koma apa m'pamene nkhani yanu inadumpha. Phokosoli limaoneka pamene mawu akuchokera ku chipangizo chofooka, ndipo akukalowa polowera pomwe pali impedance yaikulu, kutanthauza pomwe magetsi amavutika kudutsa (timayeza mu ma ohm). Polowera pa ampu ya gitala pamakhala pafupifupi ma ohm 1,000,000, choncho kamagetsi kalikonse kongobadwa m'nthambo kalibe kothawira. Singano zina za galamafoni zimatulutsa mphamvu yosafika ngakhale pa millivolt imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a voti), ndiye kumenekonso munthu ayenera kusamala. Koma CD player imatulutsa pafupifupi mavoti 2, kuchokera potulukira pa ma ohm mazana ochepa chabe, ndiye kamagetsi kaja kamapeza kothawira ndipo sikamveka. Nanga nthambo ya sipika? Mbali ino kuli sipika ya ma ohm 8 kapena 4, mbali inayo kuli ampu yomwe potulukira pake sipafika ngakhale ohm imodzi. Ndayesapo kangapo: kuimitsa nyimbo, kukweza voliyumu, kugunditsa khutu pa sipika, mnzanga n'kumamenya nthamboyo ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Kuli zii. Ngati kuimenya dala sikutulutsa kanthu, ndiye kunjenjemera kwa nyimbo za m'chipinda kutulutsa chiyani?

Ogulitsa ena, osati onse, amafika ponena kuti kugwedezako kumamasula kopa weniweniyo. Apa pokha ndiye ndikukana. N'zoona kuti kopa akamakokedwa kudutsa m'timabowo kuti asanduke waya amauma, ndipo resistance yake, kapena kuti kukaniza kwake magetsi kudutsa, imakwera pang'ono, pafupifupi 3 peresenti poyerekeza ndi kopa wofewetsedwa. Muyezo wa dziko lonse lapansi woyerekezera zimenezi unakhazikitsidwa kale mu 1913. Koma chofewetsa kopa ndi moto wa madigiri mazanamazana, ndipo zimenezo amachitiratu ku fakitale ya waya asanamuveke pulasitiki. Kugwedeza sikungatenthetse waya kufika pamenepo. Ndipotu kupinda kopa mobwerezabwereza kumamuumitsa. Amene anadulapo waya ndi manja chifukwa chosowa pulayazi akudziwa: umapinda uku, kupinda uko, pamalopo pamayamba kulimba, kenako thyo.

Tiyeni tiwerengetse ngakhale titawalola kuti 3 peresenti ija aipeza. Nthambo ya sipika ya 2.5 mm², yotalika mamita 3, kupita ndi kubwerera ndi mamita 6, ndipo resistance yake yonse ndi pafupifupi 0.04 ohm. Ndiye 3 peresenti ya pamenepo ndi kanthu kongopitirira pang'ono 0.001 ohm, pa sipika ya ma ohm 8. Tsono kopa amasintha resistance ndi pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse ya kutentha. Kutanthauza kuti chipinda chikangotentherako ndi madigiri 8 pakati pa m'mawa ndi masana, kusintha konse kuja kwachitika kale, kwaulere. Koyilo ya m'kati mwa sipika, yomwenso ndi waya wautali kwambiri kuposa nthamboyo, imatentha koposa pamenepo nyimbo zikamasokosa. Sindinamvepo munthu akudandaula kuti zoimbira zake zimasintha mawu dzuwa likafika paliwombo.

Ndiye n'chifukwa chiyani anthu anzeru zawo, osanama, amalumbira kuti amamva kusiyana? Ndiyankha ndi manyazi anga omwe. Zaka zapitazo kasitomala wina anandisiyira nthambo zodula kwambiri pamodzi ndi ampu yake yoti ndikonze. Nditamaliza, ine ndi mnzanga tinati tizilawe. Ndinakhala pampando, iye n'kupita kuseri kukasintha. Nyimbo itayambanso ndinadumpha. Ndinamuuza kuti mawu a woimbayo abwera patsogolo, besi yakhazikika, ndipo ndikumva zala zikutsetsereka pa zingwe za gitala zomwe poyamba sindinkazimva. Ndinalankhula mphindi zingapo ngati mlaliki. Mnzangayo anangondiyang'ana, kenako anatukula dzanja: nthambo zodula zija zinali m'manja mwake. Pulagi yakale inali itakanirira ndipo sanafune kuithyola, ndiye anangoibwezera n'kuyatsa nyimbo. Zala zija zinalipo kuyambira kale pa chimbalecho. Chomwe chinasintha n'chakuti ulendo wachiwiri ndinatchera khutu ngati munthu woyembekezera chozizwitsa.

Tsiku lomwelo tinachita mwadongosolo. Iye ankaponya kandalama m'mwamba kuti asankhe nthambo, ine nditatembenukira kukhoma. Pa maulendo 10 ndinalondola 6, zomwe ngakhale munthu wogontha akhoza kuchita mongolota.

Si ine ndekha wopusitsika chonchi. Mu 1994 akatswiri awiri a kampani yopanga masipika ya Harman, Floyd Toole ndi Sean Olive, anaonetsa kuti anthu omwewo amapereka mamalikisi osiyana kwa masipika omwewo malingana ndi kuti akuwaona kapena abisidwa kuseri kwa katani. Ngakhale omvetsera ozolowera ntchitoyi sanapulumuke. Ndipo amenewo ndi masipika, omwe amasiyanadi mamvekedwe. Mu 2007 James Randi, munthu amene ankadziwika ndi kuulula zozizwitsa zabodza, analonjeza madola 1 miliyoni kwa amene angasiyanitse ndi khutu lokha nthambo za sipika za madola 7,250 ndi zina zotsikirapo mtengo. Panali kukokanakokana kwambiri za malamulo a mayesowo, ndipo mapeto ake sanachitike n'komwe.

Palinso tinthu tina tomwe timasokoneza munthu woyesa yekha kunyumba. Mukazula pulagi n'kuibwezera, mwapala kale litsiro ndi dzimbiri lomwe linayanga pachitsulo, ndiye ngati panali polumikizana mofooka pakonzeka, ndipo ulemu ukupita kwa nthambo yatsopano. Mukadzuka pampando n'kukhalanso, mutu subwerera ndendende pomwe unali, ndipo m'chipinda momwe mawu amagunda makoma n'kubwerera, masentimita ochepa okha amasintha zomwe khutu likulandira kuposa momwe nthambo ingasinthire. Voliyumu ikakwera pang'ono chabe, munthu sanena kuti yakwera, amati nyimbo yakoma. N'chifukwa chake oyesa mosamala amafananitsa voliyumu mpaka kusiyana kusapitirire 0.1 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu).

Funso lina lomwe ndikanakonda mlembi wanu akanafunsa ndi ili: nthambo ija akaigwedeza, kenako amaitani? Amaikulunga, n'kuiika m'bokosi, n'kuikweza m'galimoto, m'sitima kapena m'ndege, n'kukakhala pashelefu miyezi. Wogula akafika nayo kunyumba amaikhotetsa kuseri kwa kabati. Kumasuka kuja kumatha masiku angati? Ndipo ngati kugwedezeka kuli mankhwala, nthambo za oimba oyendayenda, zomwe zimakulungidwa ndi kumasulidwa usiku uliwonse n'kumagubuduzika m'galimoto, bwenzi zili zomveka bwino kuposa zonse padziko. Ine ndazikonza zambirimbiri, ndipo chomwe ndimapezamo ndi timawaya toduka pafupi ndi pulagi.

Sindikunena kuti mainjiniya a makampaniwa ndi akuba. Ambiri ndi anthu aluso ndipo maampu awo ena ndi omangidwa mwaukhondo moti ukawatsegula umachita kusilira. Ndikukhulupirira kuti iwowo amamvadi zomwe amanenazo, monga momwe ine ndinamvera zala zija. Koma mwini fakitale ndi amene ali ndi mpata woposa aliyense wothetsa mkanganowu, ndipo n'zosavuta. Adule nthambo ziwiri pa dilamu imodzi, aike mapulagi ofanana, imodzi aigwedeze inayo aisiye. Aziike pa tebulo lonjenjemera, ayeze phokoso lotuluka m'iliyonse, manambala ake atipatse. Kenako aitane omvetsera awo odalirika, wosintha nthambo asaoneke ndipo woyendetsa mayeso asadziwe yomwe yalumikizidwa. Munthu akalondola maulendo 12 mwa 16, mpata woti wongolota afike pamenepo ndi wochepera 5 peresenti, ndipo ine ndidzakhala woyamba kulembanso kalata m'nyuzipepala ino yopepesa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limodzi lokha la ntchito lingakwane.

Kwa mnzanga uja amene akukayikira nthambo zake, ndamuuza zomwe ndimachita ine. Nthambo yatsopano ndimaipachika pamwamba pa chitseko usiku umodzi m'chipinda chofunda kuti ilendewere, m'mawa ndimaipsatira m'manja kuchokera kuno mpaka uko, n'kuigoneka kuseri kwa ampu mosakoka soketi komanso motalikirana ndi nthambo ya magetsi. Ndimatero kuti soketi isang'aluke ndi kuti kung'ung'uza kwa magetsi kusalowe, osati kuti woimba asendere pafupi.

Pomwe ndikulemba pano, a Mkonzi, ndadula kale nthambo ziwiri za mita imodzi imodzi pa dilamu yomweyo. Imodzi mdzukulu wanga waigwedeza mpaka mkono kumuwawa, ndipo chizindikiro chake ndabisa pansi pa tepi yakuda. Mlembi wanu uja mumutume abwere ndi chimbale chomwe amachikonda. Mpando ulipo, kandalama koponya kaliponso.

Ine wanu,
Wokonza maampu wopuma pantchito